Barleywine anamufulula Angelezi, koma ulemu akuulandira ku Belgium

Loweruka lapitali ndinapsa mtima mu pub ina, malo omwera mowa, kuno kumpoto kwa England, ndipo mpaka lero mtimawo sunaphwe. Tinalowamo pothawa mvula, ine ndi achimwene ena a ku Kasungu amene timagwira ntchito limodzi. Nditasuzumira m'firiji ya kuseri kwa kauntala, ndinaona timabotolo titatu ta barleywine, mowa waukali wa chimera cha barele, titapanikizidwa pakati pa cider ndi zakumwa zashuga zija amakonda ana a ku koleji. Ndinakondwa ngati ndakumana ndi m'bale wanga kuchilendo, n'kuitanitsa kamodzi. Mnyamata wogulitsayo anakatsegula, n'kukakhuthula konse mu tambula yaikulu ya pint, yoposa theka la lita, yotentha yongochoka m'makina otsukira, nsenga ndi zonse. Kenako anandifunsa ngati ndikufuna aisi. Aisi, abale anga! Mu mowa wa 11%, umene munthu anauwiritsa maola ambirimbiri n'kuusunga miyezi kuti ukhwime.

Mwina ndikanangomeza malovu n'kumwa, pakanapanda kuti masabata awiri okha m'mbuyomo ndinali ku Gent, mzinda wa ku Belgium. Amene munakwerapo sitima ya pamtunda ya Eurostar mukudziwa kuti kuchoka London kufika Brussels ndi maola awiri basi, kufupi kuposa Lilongwe ndi Blantyre pa basi. Koma pa nkhani ya mowa wokhwima, ungati wadumpha nyanja zisanu ndi ziwiri. Ndinalowa m'kanyumba kena komwera mowa, kamdima, ka matebulo osakwana khumi. Amayi achikulire amene ankagulitsamo sanathamangire ku firiji. Nditatchula Orval, mowa wofululidwa ndi amonke, anandifunsa kaye kuti ndikufuna wamng'ono kapena wogonera. Anafunsanso ngati ndimakonda wozizira kapena wa m'chipinda chapansi. Anabwera ndi tambula yake yeniyeni, yotakasuka kukamwa ngati chikho cha pa Misa, anaipendeketsa n'kuthira pang'onopang'ono, ndipo atafika chakumapeto analeka, n'kusiya nsenga m'botolo. Botololo analiika pambali pa tambula, chizindikiro chitayang'ana kwa ine, kuti ndione tsiku limene mowawo unatsekeredwa. Pambali anaika timapisi ta tchizi ndi kampiru. Zonsezi anachitira mlendo wosadziwa ndi liwu limodzi lomwe la chinenero chawo.

Ku Belgium mowa uliwonse uli ndi tambula yake, ndipo ungati kuthira Rochefort mu tambula ya Chimay ndi mlandu wopita nawo kwa a mfumu. Mu 2016 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe chawo cha mowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, ndipo ukakhala pa tebulo lija umaona kuti sanakondere.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mwini wake wa barleywine ndi Mngelezi. Dzinalo limatanthauza vinyo wa barele, chifukwa ukali wake umalingana ndi wa vinyo ngakhale mulibe mphesa ndi imodzi yomwe. Kale m'nyumba zikuluzikulu za mabwana a kumidzi ya England ankafulula mowa waukali mu Okutobala, chimera chatsopano chitangopezeka, n'kuusiya m'migolo chaka kapena kupitirira. M'mabanja ena mwana wodzalowa chuma akabadwa ankafulula mowa woti udzatsegulidwe iye akadzakwanitsa zaka 21. Ku Burton upon Trent, kampani ya Bass inali ndi No. 1 wake wotchuka. Kumeneko mu 2006 anapeza mabotolo a Ratcliff Ale, wofululidwa mu 1869, ndipo atatsegula anapeza kuti akumweka. Taganizani, mowa umene unatsekeredwa amishonale a Livingstonia ndi a Blantyre asanaponde kwathu. Mu 1968 kampani ya Eldridge Pope ku Dorchester inatulutsa Thomas Hardy's Ale, n'kulemba pa botolo kuti ukhoza kusungidwa zaka 25. Nanga anausamala bwanji eni ake? Mu 1999 analeka kuufulula. Kampani ina yaing'ono ya ku Devon inautola kwa zaka zochepa n'kuusiyanso, ndipo pamapeto pake dzinalo linakathera m'manja mwa amalonda a ku Italy. Chuma cha makolo chotere kuchitaya ngati nsanza!

Ndiye muone zimene a ku Belgium anachita ndi zomwe anaphunzira kutsidya kuno. Eugène Rodenbach, wofulula mowa wa ku Roeselare, anadzaphunzira ku England luso losunga mowa m'migolo ikuluikulu ya thabwa n'kumasakaniza wakale ndi watsopano, ndipo ku Roeselare akuchitabe zomwezo mpaka lero, pamene kuno amene atsala ndi mwambowu ndi owerengeka, monga kampani ya Greene King ndi Strong Suffolk wawo. A banja la Dubuisson mu 1933 anafulula mowa wawo waukali potengera kakomedwe ka mowa wa Angelezi, mpaka anaupatsa dzina lachingelezi loti Bush, ndipo lero uli pa 12%. Ngakhale yisiti ya Duvel, mowa wina wotchuka wa ku Belgium, mizu yake ili ku Scotland. Mbewu anabwereka kwa mnansi, koma nkhokwe yodzaza ili kwa obwerekawo.

Sikuti Angelezi anangodzuka tsiku limodzi n'kudana ndi mowa wawo, ayi. Boma ndilo linayamba. Kuyambira 1880 msonkho unkawerengedwa potengera kuchuluka kwa shuga wa chimera mowa usanawire, ndiye ukachulutsa chimera umachulutsanso msonkho. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse boma linalamula kuti mowa ufowoke, ndipo sunabwererenso mwakale. Mu 2011 anawonjezera msonkho wina pa mowa wopitirira 7.5%, ndipo kuyambira Ogasiti 2023 mowa wofika 8.5% uli m'gulu limodzi la msonkho ndi vinyo. Barleywine wotchedwa Gold Label, amene agogo a kuno ankamwa m'timabotolo ting'onoting'ono nthawi yachisanu, ankaposa 10%, koma wakhala akutsitsidwa mpaka wasanduka chithunzi chabe cha mmene analili. Ku Belgium lamulo linagwira ntchito mosiyana. Mu 1919 lamulo la Vandervelde linaletsa kugulitsa jini ndi zakumwa zina zotcheza m'malo omwera, ndipo linakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1980. Munthu wofuna chakumwa chotenthetsa m'chifuwa analibe kwina kolowera koma ku mowa waukali, ndipo ofulula anamupatsa. Mibadwo itatu inakula ikudziwa kuti mowa wa 10% amaumwa atakhala pansi.

Koma ndisanamize anthu chifukwa cha mkwiyo. Pa kakomedwe kenikeni, ine ndidakali kumbali ya England, ndipo sindisuntha. Rochefort 10 ndi wabwino, St Bernardus Abt 12 ndi wabwino, Westvleteren 12 anthu amamufunafuna ngati mankhwala. Komabe ofulula a ku Belgium amathiramo shuga kuti mowa ukwere ukali koma upepuke m'kamwa, ndiponso mpweya umachuluka, moti thovu limatukumuka ngati la sopo. Yisiti yawo imabweretsa fungo la nthochi yakupsa ndi zokometsera, ndipo nthawi zina fungolo limaphimba chimera. Barleywine wa ku England nthawi zambiri ndi chimera chokhachokha, chambiri, chowiritsidwa nthawi yaitali mpaka shuga wake ade. Tengani Harvest Ale wa J.W. Lees, amene amafululidwa kamodzi pa chaka kuno ku Manchester kuyambira 1986, wa 11.5%, wa barele wa Maris Otter ndi hops, maluwa opatsa mowa kuwawa, wa East Kent Goldings. Akakhala wa chaka chomwecho amatsekemera mopitirira, amamata milomo ngati uchi, ndipo ukali wake umakanda pakhosi. Musamuweruze pamenepo. Muikeni chiimire pamalo amdima, ozizirira, pafupifupi madigiri 12, mumuiwale zaka zisanu. Kampweya kochepa kamene kanatsalira m'botolo kamagwira ntchito yake mwakachetechete, kuwawa kwa hops kumazirala, mtundu umadera, ukali umagona pansi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukadzamutsegula musamuziziritse ngati Green, chifukwa kuzizira kumatseka fungo. Thirani mu tambula ya vinyo ngati mulibe ina, theka lokha, muifumbate m'manja kuti ifunde. Nunkhizani musanamwe. Ine fungo loyamba limene limandipeza ndi la mphesa zouma ndi shuga wopserera pansi pa poto. Mukadikira pang'ono kumabwera masau ouma, aja amagulitsa m'mbali mwa msewu ku Chikwawa, ndi kakuwawasa kapatali ngati ka bwemba. Kumapeto kwenikweni, tambula ikatsala pang'ono kutha, kumatuluka fungo la chigafa cha fodya wa bale masamba atauma bwino. Kabotolo ka mamililita 275 kamandikwanira ola lathunthu, ndipo nthawi zambiri timagawana awiri. Palibe mowa wa ku Belgium umene unandifikitsapo m'chigafa chija. Vintage Ale wa Fuller's, amene anayamba mu 1997 ndipo botolo lililonse lili ndi nambala yake, amapepukirapo, amakhala ndi kafungo ka makoko a lalanje, ndipo ndi poyambira pabwino kwa amene sanalawepo. Old Tom wa Robinsons ku Stockport amapezeka ngakhale m'masitolo ena akuluakulu.

Ife a kwathu nkhani yosunga mowa imatidabwitsa, ndipo m'pomveka. Masese akapsa amafuna amwedwe masiku omwewo, akagonera kwambiri amasasa. Chibuku chimapitiriza kuwira m'paketi momwemo. Mowa wathu ndi wa bwalo, wa chipanda choyenda dzanja ndi dzanja, ndipo ubwino wake ndi womwewo. Koma pali kanthu kena kamene kanandisangalatsa nditakadziwa. Kafungo kachilendo kaja ka Orval wogonera, kokhala ngati chikopa ndi udzu wouma, kamachokera ku yisiti yotchedwa Brettanomyces. Amene anaifotokoza mu 1904 ndi Niels Hjelte Claussen, katswiri wa ku Carlsberg ku Copenhagen, Carlsberg yomweyi imene inamanga fakitale yake yoyamba ya kunja kwa Denmark ku Blantyre mu 1968. Anaipeza mu mowa wosungidwa wa ku England, ndipo dzina limene anaipatsa limaloza ku Britain komweko. Lero ukafuna kuilawa yisiti ya dzina la Britain, njira yachidule n'kupita kwa amonke a ku Belgium.

Ndivomerenso kuti si zonse za ku Belgium zili zonyezimira. Anthu wamba kumeneko tsiku ndi tsiku amamwa Jupiler, osati mowa wa amonke. M'malo a alendo pafupi ndi bwalo la Grand-Place ku Brussels mitengo ndi yoboola m'thumba. Ku Antwerp ndinalipira ndalama zambiri pa botolo lina lakale kwambiri, n'kupeza kuti mowa unafa kalekale, ukungomveka ngati katoni yonyowa. Si mowa uliwonse umakoma ndi ukalamba, ndipo Duvel kapena mowa wa mtundu wa tripel ndi bwino kumwa asanakalambe. Kunonso si chipululu. Kuli timasitolo ta mabotolo ta anthu odziwa ntchito yawo, a bungwe la okonda mowa wachikhalidwe la CAMRA amachititsa zikondwerero za mowa wa nyengo yachisanu, ndipo kuyambira 2018 amonke a ku Mount Saint Bernard ku Leicestershire akufulula Tynt Meadow, wa 7.4%, amene amagonera bwino ndithu. A ku Scotland ali ndi Traquair House Ale wawo. A ku America nawo anatola dzina la barleywine ndi Old Foghorn mu 1975 ndi Bigfoot mu 1983, ngakhale kwa ine amachulutsa hops mpaka lilime kuuma.

Komabe kuno zinthu zimenezi umachita kuzisaka ndi tochi, pamene ku Belgium umazipeza pa kanyumba kalikonse ka pakona. Vuto lalikulu la pub ya ku England ndi pint ndi mwambo wogulirana. Mukakhala asanu, aliyense amagula ulendo wake, ndipo amene akumwa pang'onopang'ono amachedwetsa anzake. Mamililita 568 kasanu, ndi mowa wa 4% zimatheka. Ndi barleywine ukhoza kutuluka pa machira. Lamulo la kuno limalola kugulitsa gawo limodzi mwa magawo atatu a pint, mlingo woyenera mowa wotere, koma yesani kuupempha m'malo ambiri muone mmene akuyang'anireni. Mnyamata uja sindikumuda, palibe anamuphunzitsa. Ndikudandaula ndi amene anamulemba ntchito, amene anaoda mowa wamtengo wapatali n'kuuponya m'firiji osadziwa chimene agula.

Achimwene a ku Kasungu aja analawa pa tambula yotentha ija n'kukwinya nkhope. Anati, "Achimwene, mankhwala a chifuwa amenewa ndi amene mumatitamandira tsiku lililonse?" Mawu amenewo ndi amene anandilasa kwambiri, chifukwa pa zimene zinali m'tambulamo sanalakwe. Ndinabwerera pa kauntala n'kugula timabotolo tiwiri totsala tija, n'kupempha kuti asatitsegule. Pano timabotoloto tili m'kabati ya pansi pa masitepe, pambali pa Harvest Ale wa 2017 ndi Chimay wabuluu awiri amene ndinabwera nawo ku Gent. Ndawauza achimwenewo kuti abwere kunyumba Loweruka lachiwiri la Disembala, atadya nsima kaye, ndipo galimoto asiye kwawo.