Kosi ya mbiri ya baseball ku yunivesite si zachibwana ayi

Ndaona anthu akuseka zoti ku America mayunivesite ena amaphunzitsa mbiri ya baseball ngati kosi, eti makolo kumalipira fizi kuti mwana akaphunzire za anthu omenya kampira ndi chibonga. Ine sindikuseka nawo.

Tengani nkhani ya Jackie Robinson. Aliyense amene anamvapo za iyeyu amangodziwa kuti pa 15 April 1947 anasewera mu timu ya Brooklyn Dodgers, wakuda woyamba kulowa ligi yaikulu patatha zaka zambirimbiri azungu atatseka chitseko, mpaka mu 1997 matimu onse anasiya kugwiritsa ntchito nambala yake 42 pomulemekeza. Zonsezo nzabwino. Koma mkalasi lecturer wochangamuka akufunsani kuti nanga timu yomwe anachokera inapindula chani? Timuyo, Kansas City Monarchs, sinalandire olo kakobiri kuchokera kwa bwana wa Dodgers Branch Rickey, anangomutenga basi.

Apa mpomwe nkhani imakoma. Akuda anali ndi maligi awoawo, Rube Foster anayambitsa Negro National League mu 1920, matimu ambiri eni ake akuda, masapota akudzaza masitediyamu Lamulungu atatchena ngati akupita kutchalitchi, mahotela ndi malesitilanti a akuda amadyera momwemo. Azungu atayamba kutola osewera apamwamba masapota nawonso anawatsatira, ndiye pofika kumapeto kwa 1948 timu ya Newark Eagles inali itagulitsidwa kale ndipo bizinezi yonse ija inayamba kufa pang'onopang'ono. Mayi Effa Manley amene amayendetsa Eagles anakana zopereka anyamata ake ulele, Bill Veeck mwini timu ya Cleveland ya mu ligi yaikulu anachita kulipira kuti atenge Larry Doby mu 1947. Mayiyu ndi mzimayi woyamba kulowa Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball ku Cooperstown, koma zinachitika mu 2006 iye atamwalira kalekale.

Ndiye mundiuze, kuthetsa tsankho kunathandiza ndani ndipo kunagwetsa ndani? Funso limenelo ndi la economics, la ndale, la malamulo a ntchito, ndipo mwana atha kulilembera thesis yonse.

Mu 2024 MLB, ligi yaikulu ija, inaphatikiza ziwerengero za maligi a akuda aja (Negro Leagues) mu marekodi ake, wosewera wakuda Josh Gibson nkudumpha mzungu Ty Cobb amene anali pamwamba pa batting average (muyeso wa kangati munthu amamenya bwino mpira), .372 kwa .367. Gibson anamwalira mu January 1947 ali ndi zaka 35, osasewerako ligi yaikulu ya azungu ija olo gemu imodzi. Amene anakumba manyuzipepala akale kuti manambala akewo apezeke ndi ofufuza omwewa mukuwasekawa.