Ndudu zamagetsi: ku Australia n'zakufamase, ku New Zealand boma limagawa

Australia ndi New Zealand n'zoyandikana, pakati pangodutsa nyanja ya Tasman, ndipo ngakhale malamulo a zakudya amapangira limodzi. Koma pa ndudu yamagetsi, ija ambiri amangoiti vape, aliyense analowera kwake.

Kachipangizo n'kamodzimodzi: batire, kawaya kopota kotchedwa koilo, thonje lokulungidwa pakawayako, ndi kathanki ka madzi. Madziwo amapangidwa ndi propylene glycol, glycerine, zokometsa fungo ndi nikotini, chija agogo amati chikonga. Munthu akakoka, koilo imatentha n'kusandutsa madzi nthunzi. Palibe fodya akupsa, choncho mulibe phula lija la utsi wa ndudu wamba, limene limabweretsa khansa kwambiri.

Mavuto ake alipo ndithu. Ongoyamba amauma kukhosi, amatsokomola, mutu umawawa, ena amachita nseru nikotini akachuluka. Thanki ikauma munthu n'kumakokabe, thonje limapserera ndipo mankhwala oipa ngati formaldehyde amachuluka mu nthunziyo. Chizindikiro chake ndi kukoma kwa zopserera, ndipo koiloyo n'njofunika kuisintha. Batire yapadera yoikidwa m'thumba limodzi ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo imatha kuphulika. Ndipo pa mlingo wa 20 mg pa mililita, kathanki ka mamililita 2 kali ndi 40 mg ya nikotini, yokwana kudwalitsa koopsa mwana wamng'ono akaumwa.

Australia inasankha kuona vape ngati mankhwala. Kuyambira pa 1 Okutobala 2021, wofuna vape ya nikotini ankafunika kalata ya dokotala. Mu Januwale 2024 analetsa kuitanitsa kunja zija zogwiritsa kamodzi n'kutaya, ndipo pa 1 Julaye chaka chomwecho malonda onse anatsekeredwa kufamase. Kuyambira Okutobala 2024, wazaka 18 kupita m'tsogolo angagule popanda kalata ngati nikotini sakupitirira 20 mg pa mililita, koma ayambe wakambirana ndi wafamase, ndipo zigawo zina zili ndi malamulo okhwima kuposa pamenepa. Fungo lololedwa ndi la fodya, minti ndi menthol basi.

Pa pepala zimamveka bwino. Koma mafamase ambiri safuna kusunga katunduyu, ndiye anthu amakagula mwamseri m'timasitolo ta fodya. Apa ndi pamene nkhani ya chitetezo imasokonekera. Vape yozembetsedwa ilibe amene anaiyeza. Zambiri zolembedwa kuti mulibe nikotini zinapezeka nayo atazipima, zina zochuluka kuposa mlingo wa kufamase. Ku Melbourne, magulu olimbirana msika wa fodya ndi vape zozembetsa akhala akuotcha masitolo kuyambira 2023. Mtengo wokwera wa ndudu wamba ndiwo unayatsa motowo kwambiri, koma vape inauthira mafuta.

New Zealand inati vape ndi katundu wa msika woyenera kuyang'aniridwa. Lamulo la 2020 linaletsa kugulitsa kwa osakwana zaka 18 ndi kuitsatsa, linalola masitolo wamba kugulitsa fungo litatu lomwe lija, n'kusiyira masitolo apadera a vape fungo lina. Wogulitsa amayenera kulembetsa katundu wake kuboma ndi kunena zimene zili m'madzimo. Unduna wa zaumoyo unatsegula tsamba la Vaping Facts louza osuta poyera kuti vape ingawathandize kusiya, ndipo mu 2025 boma linayamba kugawa zipangizozi kwaulere kudzera mwa alangizi othandiza anthu kusiya fodya. Akuluakulu osuta tsiku lililonse anatsika kufika pafupifupi 7 pa 100 alionse, pamene ku Australia kafukufuku wa 2022 mpaka 2023 anapeza 8.3.

Koma ku New Zealand komweko, amene anakula akuona vape paliponse ndi ana a sukulu. Cha mu 2022, pafupifupi mwana mmodzi mwa khumi alionse a zaka 14 ndi 15 ankakoka vape tsiku ndi tsiku, ena mwa iwo osakhudzapo ndudu chibadwire. Boma linatsitsa mlingo wa nikotini kuchoka pa 50 mg pa mililita, ndipo mu Juni 2025 linaletsa zotaya zija. Linachedwa nazo zimenezi, tisabise.

Atolankhani nawonso amaimba nyimbo ya kwawo. Ku Australia nkhani zambiri zimayambira pa ana ndi poizoni. Ku New Zealand mumamvanso mawu a madokotala olimbikitsa wosuta kusintha. Mbali zonse ziwiri zinanyamula nkhani ya matenda a mapapo a ku America a 2019, amene anagoneka m'chipatala anthu oposa 2,800 ndi kupha 68. Chimene mitu yankhani inkasiya n'chakuti gwero lalikulu linali vitamin E acetate, mafuta amene ogulitsa mwamseri ankasakaniza m'madzi a chamba, osati m'madzi a nikotini ogulidwa m'sitolo.

Tikaika pa sikelo, njira ya New Zealand imathandiza bwino munthu wamkulu wosuta, chifukwa amadziwa chimene akukoka ndipo amachipeza mosavuta kusiyana ndi ku Australia, kumene ndudu yeniyeni ili pa golosale iliyonse pamene vape yoyezedwa n'njosowa. Kafukufuku wa Cochrane, bungwe lounika zofufuza za umoyo, amasonyeza kuti vape ya nikotini imasiyitsa anthu ambiri fodya kuposa timapepala tomata pakhungu ndi chingamu za nikotini. Kwa amene sasuta, makamaka mwana ndi mayi woyembekezera, maboma onse awiri amanena chimodzi: asaiyambe. Zotsatira za kukoka nthunziyi kwa zaka 30 sizinaoneke, poti zipangizozi zinangofika pa msika cha m'ma 2000.