Mphoto za Zisudzo ku United States ndi ku Canada: Njira Ziwiri Zosiyana

Chaka chilichonse, kawirikawiri m'mwezi wa June, anthu a ku United States amaonerera pa kanema wa CBS mwambo wopereka mphoto za Tony kwa azisudzo ndi oimba a ku Broadway, dera la nyumba zikuluzikulu za zisudzo mumzinda wa New York. Mphotozi zinayamba mu 1947, ndipo dzina lake linachokera kwa Antoinette Perry, mayi amene anali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la American Theatre Wing. Zinayamba kuonetsedwa pa kanema m'dziko lonse mu 1967, ndipo kuchokera pamenepo mwambowu unasanduka msika waukulu, chifukwa sewero limene lapatsidwa mphindi zochepa kuti liimbe nyimbo imodzi usiku umenewo limafika m'nyumba za anthu amene sanapondepo ku New York.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti khomo lolowera pa mpikisanowu n'lopapatiza kwambiri. Masewero opikisana ndi okhawo amene aonetsedwa m'nyumba 41 za zisudzo za ku Broadway, zomwe iliyonse ili ndi mipando yosachepera 500. Sewero la ku Chicago kapena ku Seattle, ngakhale litagwira mtima chotani, silingapikisane mpaka litapeza anthu a ndalama oti alitengere ku Manhattan, chigawo cha New York kumene kuli Broadway. N'zoona kuti kuyambira mu 1976 pamakhala mphoto imodzi yapadera yopita ku gulu la zisudzo la m'zigawo, koma mphoto imodzi n'njochepa poyerekeza ndi kukula kwa dzikolo.

Kungowoloka malire kupita ku Canada, zinthu n'zosiyana. Kumeneko mzinda uliwonse waukulu uli ndi mphoto zake: ku Toronto kuli za Dora Mavor Moore, ku Vancouver za Jessie Richardson, ku Edmonton za Sterling, ndipo ku Calgary za Betty Mitchell. Mayina onsewa ndi a amayi amene anadzala zisudzo m'madera awo, zimene ine ndimaziona kuti n'zoyamikirika. Mphoto za Dora, zomwe zimayendetsedwa ndi bungwe la Toronto Alliance for the Performing Arts, zili ndi magawo osiyana a magulu aakulu, magulu ang'onoang'ono oima paokha, zisudzo za ana, magule ndi opera (masewero amene mawu ake amachita kuimbidwa), moti gulu losauka lochitira sewero lake m'kachipinda silikakamizidwa kulimbana ndi kampani yolemera. Kuyambira mu 2019 anasiyanso kulekanitsa amuna ndi akazi pa mphoto za osewera, pamene a Tony akadali ndi magawo awiriwo.

Kumbali ya chilungamo, ndikuona kuti a ku Canada akhoza kwambiri, chifukwa luso limapimidwa kumene labadwira, ndipo kukula kwa thumba sikuyamba kufunsidwa. Vuto lawo n'lakuti mawu a mphotozi safika patali. Munthu wa ku Halifax sangamve msanga za amene wapambana ku Edmonton, pamene mwambo wa Tony amatha kuuonera ali pakhomo pake.

Nkhani ya sewero loimba la Come From Away ikuonetsa bwino mtengo wa kusiyanaku. Seweroli, lolembedwa ndi Irene Sankoff ndi David Hein, limakamba za anthu a m'tauni ya Gander ku Newfoundland, amene analandira alendo pafupifupi 7,000 a m'ndege 38 zimene zinakakamizika kutera kumeneko pa 11 September 2001, zigawenga zitaukira dziko la United States. Nkhani ndi ya ku Canada, olemba ndi a ku Canada, ndipo linayesedwa koyamba pa sukulu ya Sheridan College ku Ontario. Komabe linakulira ku California ndi ku Seattle mu 2015, kenako n'kufika ku Broadway mu 2017, kumene wotsogolera wake Christopher Ashley analandira mphoto ya Tony. Chimodzimodzinso The Drowsy Chaperone, lomwe linayambira m'timalo tating'ono ta ku Toronto, linamveka dziko lonse litapata mphoto zisanu za Tony mu 2006. Zimandipweteka kuti dziko lokhala ndi olemba aluso chonchi lilibe usiku umodzi wa pa kanema wofanana ndi wa Tony, umene ukanasonkhanitsa opambana a ku Toronto, Vancouver, Edmonton ndi Calgary kuti anthu akwawo awaone asanawoloke malire.