Inu a ku yunivesite, foni isamakuuzeni kuti ndinu ndani

Ana anga a ku Chanco, ku MUBAS, ku Bunda, ku Mzuni ndi kwina konse, tatcherani khutu. Ndikuyankhula ngati mmodzi wa ife amene tinakuperekezani pa depoti ndi thumba la ufa ndi nyemba.

Mwana wa mchemwali wanga ali chaka chachiwiri pa sukulu ina yaukachenjede. Tsiku lina anandionetsa chithunzi chake cha pa Facebook, ine n'kufunsa kuti, "Ameneyu ndani?" Mphuno yasongoka, khungu layera mbee, ngakhale chipsera cha pachipumi chimene anachipeza atagwa mumtengo wa mango chafufutika. Akuti ndi filter. Atabwera ku holide anakana kujambulitsa pakhomo pa mayi ake, ati nyumba yofolera udzu anzake amuseka. Chithunzi china anachichotsa chifukwa chinangopeza ma like khumi, ndipo madzulo ake nsima anangoinyomola kawiri. Mwana woti anakhoza bwino MSCE mudzi wonse n'kumuimbira nthungululu, lero akudziyesa wopanda pake chifukwa anthu osamudziwa sanadine kachala!

Kodi mukudziyerekeza ndi ndani? Mnzanu uja wajambulitsa atatsamira galimoto, galimotoyo ndi ya eni ake, anangoipeza itaima. Diresi ndi yobwereka kwa wa chipinda chimodzi, nsapato ndi za pa kaunjika monga zanu zomwe. Iye wajambula kambirimbiri n'kusankhapo chimodzi, inu mukuchiona muli ndi njala m'kachipinda ka lendi ku Chikanda, mtima n'kusweka. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Chithunzi sichinena kuti mwini wake ali ndi katapila kwa anthu atatu.

Ndipo eni ake a masamba a mchezo a pa intanetiwa amadziwa. Mu 2021 mayi wina amene ankagwira ntchito ku Facebook, Frances Haugen, anatulutsa zikalata zosonyeza kuti kafukufuku wa kampaniyo anapeza kuti Instagram, yomwenso ndi ya kampaniyo, imachititsa atsikana ena kuipidwa ndi matupi awo. Iwo amapeza ndalama kwa otsatsa malonda, ndiye amakuikirani pamaso chilichonse chokugwirani kuti musazimitse foni. Bundle mukugula ndinu, tulo mukutaya ndinu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ndalama. Ya upkeep imene mumalandira ku Loans Board ndi ngongole, mudzabweza. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, bambo anu akulephera kugula feteleza, koma akatumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, inu mukukagulira wigi ndi mafuta oyeretsa khungu kuti muoneke pa TikTok. Anyamata musaseke, nanunso timakuonani mutanyamula mabotolo a mowa wodula umene simunagule ndinu.

Nanga inu amene mumajambula mnzanu mobisa atavala nsapato yong'ambika, n'kuponya pa gulu la WhatsApp la kalasi kuti anthu aseke, manyazi mulibe? Mwana uja amasiya kubwera m'kalasi, inu n'kumati ndi nthabwala chabe. Dziwani kuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limaletsa kuzunza munthu pa intaneti, ndipo apolisi amamanga nalo anthu. Uthengawo mukaufufuta pa foni yanu, wina pagulupo amakhala atatenga kale screenshot, dzina lanu ndi nambala yanu zili pompo.