Nesi wa makanda aphunzire mpaka PhD, koma asatichokere mu wodi

Dzulo m'minibasi yochokera ku Limbe, titaima pa Ginnery Corner, munakwera atsikana awiri ovala yunifomu ya unesi. Mmodzi amauza mnzake kuti akadzagwirako ntchito zaka zingapo, akufuna adzaphunzire za makanda mpaka PhD. Bambo wina kumbuyo anangoti, "PhD ya chiyani? Kusintha thewera kumafunanso digiri?" Anthu anaseka. Ine sindinaseke, ndipo mawuwo ndagona nawo. Ndiye lekani ndinene maganizo anga pano.

Mdzukulu wanga anabadwa mimba ili ndi miyezi 7. Pasikelo anakwana makilogalamu 1.3, kungoposa pang'ono paketi ya shuga. Ndinakhala gadiyani masabata atatu pa chipatala china muno mu Blantyre, ndipo zimene ndikulemba apazi ndinaziona ndi maso angawa. Adokotala amabwera m'mawa, kuona ana, kulemba m'mafayilo, n'kupita kukaona odwala ena. Sindikuwanena, ntchito ndi yambiri. Koma kuyambira pamenepo mpaka kucha, moyo wa kamwana kaja umakhala m'manja mwa anesi.

Usiku wina, cha m'ma 2 koloko, mwana wanga akufinyira mkaka m'kapu, nesi amene anali pa ntchito anaima mwadzidzidzi n'kuyang'ana kabedi kathu. Ife sitinaone kanthu. Iye anaona kuti kachifuwa kasiya kukwera ndipo milomo yayamba kuda. Anamusisita kumsana, n'kumugwiragwira kumapazi, kamwana n'kukoka mpweya. Ine miyendo ili njenjenje. Anandiyang'ana nati, "Agogo, khazikani mtima pansi. Makanda otere amaiwala kupuma chifukwa ubongo wawo sunakhwime. Koma ameneyu wazizidwanso, tiyeni timuike pachifuwa pa mayi ake." Anamuyeza kutentha, n'kutiuza kuti khanda liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5, ndipo wathuyo anali atatsika. M'mawa anauza adokotala kuti akukayikira matenda a m'magazi, ndipo anamuyamba mankhwala tsiku lomwelo. Kumeneko ndiye kusintha thewera, bambo inu?

Nesi ameneyu anali ndi mafunso ambiri amene analibe kokawatula. Pocheza naye masana ena, anandiuza kuti amadabwa chifukwa chake ana otumizidwa kuchokera ku zipatala zing'onozing'ono amafika atazizira, ngakhale mtunda wake ndi waufupi. Kodi vuto ndi nsalu zonyowa, galimoto, kapena kudikira pakhomo? Amadabwanso kuti mayi akatuluka m'chipatala, kangaru, njira yomangirira khanda pachifuwa pa mayi ake ndi chitenje kuti lizifunda, amamupitiriza masiku angati, poti kunyumba madzi akumudikira, nkhuni zikumudikira, geni nayo yaima. Mafunso oterewa sabwera kwa munthu wokhala mu ofesi. Amabwera kwa amene wagwira tiana timeneti mazanamazana. Ndipo PhD, monga ndikuimvera ine, ndi sukulu yophunzitsa munthu kutenga funso lotere, kulifufuza mwadongosolo, n'kutulutsa yankho loti boma ndi zipatala zisinthirepo kachitidwe ka zinthu.

Vutoli si laling'ono kwathu kuno. Lipoti la WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, ndi anzake la mu 2012 linaika Malawi pamwamba pa mayiko onse pa ana obadwa masiku osakwana: pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 27 amamwalira mwezi woyamba usanathe, pamene mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 asamapose 12. Zimene zimatenga anawa n'zodziwika: kubadwa masiku osakwana, kubanika pobadwa, ndi matenda olowa m'magazi. Zonse zitatuzi, amene amayamba kuziona ndi mzamba kapena nesi.

Komanso tisamaganize kuti kafukufuku ndi zinthu za ku Ulaya zokha. Pa Gulupu pompa, chipatala cha Queen Elizabeth, ku wodi ya makanda ya Chatinkha, ndi pamene anayesera makina a Pumani, othandiza khanda kupuma, amene anapangidwa mogwirizana ndi Rice University ya ku America. Lero akugwira ntchito m'zipatala za maboma. Chipatala cha Queen Elizabeth chomwecho chinali nawo pa kafukufuku wamkulu wa mayiko asanu, Malawi, Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anapeza kuti kuika khanda laling'ono kwambiri pachifuwa pa mayi ake likangobadwa, osadikira kuti liyambe lapeza mphamvu, kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake potsatira zimenezo. Taganizani, njira ya kangaru inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, kuno inayamba ku Zomba mu 1999, koma umboni umene wasintha malangizo a dziko lonse lapansi wadutsa m'manja mwa amayi ndi anesi a mu Blantyre muno. Amene amamanga chitenje chija, amene amaonetsetsa kuti timachubu ta m'mphuno sitikulasa mwana, amene amathira mkaka m'kachubu maola awiri kapena atatu alionse, ndi nesi. N'chifukwa chiyani yemweyo asakhale wotsogolera kafukufuku wotsatira?

Sukulu tili nayo. Kamuzu College of Nursing inayamba mu 1979, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi College of Medicine n'kukhala yunivesite ya za umoyo ya KUHeS. Pulofesa Address Malata anayamba ngati nesi ndi mzamba, anatsogolera koleji ya anesiyo, kenako n'kukatsogolera yunivesite ya MUST ku Thyolo. Choncho zoti mutu wa nesi umathera pa jakisoni ndi bodza limene linatha kalekale.

Koma pali chimene chimandidetsa nkhawa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna akuluakulu amve. Kwathu kuno nesi akaphunzira kwambiri, mphotho yake imakhala kumuchotsa pa bedi la wodwala. Amapita ku ofesi, kapena ku mabungwe, kapena kukwera ndege wa ku London. Sindingawadzudzule, nawonso ali ndi ana ofuna fizi. Koma mapeto ake, mu nazale usiku mumatsala mtsikana amene wangomaliza kumene sukulu, ali yekha ndi makanda odzaza chipinda, wopanda womufunsa. Ngati PhD ya makanda ingakhale khomo lotulukira mu wodi, ndiye kuti bambo a m'minibasi aja apambana.

Ku America ali ndi madigiri awiri a pamwamba a anesi. PhD ndi ya ofufuza. Ina amaitcha Doctor of Nursing Practice, ndipo ndi ya amene akufuna kukhalabe ndi odwala, kutenga zimene ofufuza apeza n'kuzigwiritsa ntchito mu wodi. Sindikunena kuti tikopere zonse, dziko lawo ndi lina, thumba lawonso ndi lina. Chimene ndikufuna ndi chakuti boma likhazikitse udindo, ndi malipiro ake oyenera, woti nesi wa PhD azigwira masiku ena mu nazale, masiku ena kuphunzitsa ndi kufufuza. Azizunguliranso m'zipatala zing'onozing'ono za ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe ndi Chilomoni, kumene amayi ambiri amachilira, kukaona mmene khanda limanyamukira likamatumizidwa ku chipatala chachikulu.

Ndikudziwa ena anena kuti tiyambe talemba ntchito anesi amene ali pakhomo ndi mapepala awo, tiyambe tagula mankhwala ndi magolovesi. Zoona, ndipo ine ndili nanu pamenepo. Koma sitikukamba za anthu chikwi. Ngakhale ochepa chabe pa chipatala chachikulu chilichonse, Queen Elizabeth, Zomba, Kamuzu Central ndi Mzuzu, angasule anzawo ambiri. Wophunzitsa anesi a makanda ayenera kuti nayenso anawadziwa makandawo mozama.

Mdzukulu wanga uja tsopano ali ndi zaka zinayi, akuthamanga ndi anzake pabwalo. Tsiku lotuluka m'chipatala ndinafunsa nesi uja ngati saganiza zobwerera ku sukulu. Anati, "Ndimafuna, agogo, koma ndikapita, anawa ndiwasiyira ndani? Ndipo ndikabwerako, adzandilola kubwerera muno?" Mtsikana wa m'minibasi uja, ngati uwerenga izi, pita ukaphunzire mwanawe. Ukamaliza udzabwerere mu nazale.