Agogo aakazi ndi agogo aamuna sazunzidwa mofanana

Chaka chilichonse pa 15 Juni timamva mawu odzudzula nkhanza zochitira anthu okalamba, koma ine ndimaona kuti timalankhula ngati kuti agogo aakazi ndi agogo aamuna amakumana ndi mavuto ofanana, pomwe sizili choncho.

Kukagwa maliro odzidzimutsa m'mudzi, amene amalozedwa chala kawirikawiri amakhala mayi wamasiye wokhala yekha, amene maso ake anafiira ndi utsi wa nkhuni, ndipo mwina wayamba kuiwalaiwala ndi kudzilankhulira yekha chifukwa cha ukalamba. Mu Disembala 2022 ku Mzimba, amayi awiri okalamba anamenyedwa pamaliro n'kukakamizidwa kukwirira manda, ena akujambula pa foni. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, komabe mawu akuti "agogowa ndiwo akutha ana" amamveka poyera. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti nthawi zambiri mayi sanenedwa ufiti mwamuna wake ali moyo. Ufitiwo umayamba kuoneka mwamunayo akaikidwa m'manda, pamene achibale ayamba kusirira dimba ndi nyumba ya malata, ngakhale lamulo la chuma cha masiye la 2011 likunena kuti kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Kumene mkazi amatengedwa kukakhala kwa mwamuna, mayi wotereyu alibe mlongo wake pafupi woti amuikire kumbuyo.

Abambo okalamba nawonso amazunzika, ndipo ena aphedwapo pa nkhani yomweyi ya ufiti, koma vuto lawo lina limabisika. Kumadera a chikamwini, bambo amene walima m'mudzi wa mkazi wake moyo wake wonse akhoza kuuzidwa kuti abwerere kwawo mkaziyo akamwalira, kumene mwina amene ankamudziwa anatha kale. Akamamanidwa chakudya kapena kukankhidwa ndi mdzukulu sanena, poti anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira.

Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu okalamba mu 2024, ndipo mabungwe monga MANEPO, mgwirizano wa mabungwe oona za anthu okalamba m'Malawi, analimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali. Komabe kuuza agogo kuti akadandaule kupolisi sikokwanira, chifukwa amene angawanyamule pa njinga kupita kumeneko nthawi zina ndi mdzukulu yemweyo amene amawalanda ndalama za Mtukula Pakhomo. Ndikuganiza kuti alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale m'midzi, azifunsa agogo aamuna paokha, popanda achibale kumvetsera, chifukwa pagulu adzangoyankha kuti zonse zili bwino. Kwa amayi amasiye, nyakwawa izitsimikizira pamaso pa anthu, maliro akangotha, kuti munda ndi nyumba ndi zawo, ndipo ikamva wina akuyambitsa mphekesera za ufiti imuitanitse kubwalo tsiku lomwelo, anyamata asanatole miyala.