Mutu ukuwawa, iwo akufuna pasipoti

Kupita ku kiliniki kuno ku Johannesburg n'kudzipha tsiku lonse. Udzuke 4 koloko, chisanu cha mu June chikuluma zala, ukaime pamzere kunja kwa geti, ganyu ya tsikulo yapita. Pofika kwa namwino dzuwa lili paliwombo, ndipo sakudzutsa n'komwe nkhope. Akuyamba ndi Chizulu chothamanga. Ukangoyankha m'Chingerezi chako chothyokathyoka, nkhope yasintha: pasipoti ili kuti? Abale, BP ndi pasipoti zikukhudzana pati?

Inde, anamwino ndi ochepa, odwala ndife gulu, ndipo kukalipa ngakhale kumudzi kuliko, tisanamizane. Koma Gawo 27 la malamulo aakulu a South Africa limati aliyense, osati nzika zokha, ali ndi ufulu wolandira thandizo la chipatala. Pakhoma anamata pepala la Batho Pele, mfundo za boma zoti ogwira ntchito aziika anthu patsogolo, koma pansi pake mayi woyembekezera akukalipiridwa chifukwa sanamve dzina lake, lomwe namwinoyo analitchula molipotoza.

Ine mapiritsi anangondikankhira pawindo osanena kuti ndizimwa kangati. Ndinachita kukafunsa gogo wina pamzere.